Malipenga a ku Karonga ndi Filosofi ya ku Ulaya: Kukayikira ndi Kumvetsera

Mau oyamba

Munthu akafika ku Karonga m'nyengo ya chilimwe, anthu atatha kukolola mpunga ndi chimanga, angathe kuona zimene zimadabwitsa mlendo aliyense. Pabwalo pamafola amuna m'mizere, atavala malaya oyera, akabudula ositidwa bwino, masokosi ofika m'maondo ndi nsapato zopukutidwa mpaka kuŵala. Ng'oma yaikulu, yofanana ndi ya bandi ya asilikali, imagunda. Ena amaimbira m'zipanda zouma zimene zimatulutsa liwu longa la lipenga. Ndipo ovinawo amaponda modekha ndi monyadira, ngati asilikali a pa perete. Guleyu ndiye malipenga, amene Ankhonde amamutcha mapenenga.

Ophunzira akaona guleyu saleka kufunsa: kodi ameneyu ndi gule wa chikhalidwe chathu, kapena ndi chipsera chimene utsamunda udatisiyira? Funsoli si lamaseŵera, pakuti yankho lathu ndilo lidzatiuza m'mene tidzayang'anira anthu amene tidzakhala pakati pao. Tikati ndi chipsera, tidzaona ovinawo ngati odwala ofunika kuchizidwa. Tikati ndi chikhalidwe choyera cha makolo, tidzanama pa za mbiri yake. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti akatswiri ofufuza za chikhalidwe a masiku ano adabwereka zida zao kwa anthanthi a ku Ulaya, ndiponso kuti anthanthi omwewo ndiwo amatichenjeza pamene zidazo zayamba kuvulaza. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma wolandira kalumoko ayenera kudziŵa kagwiridwe kake.

Kumene guleyu adachokera

Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lofotokoza za gule wa beni, adaonetsa kuti magule otsanzira bandi ya asilikali adayambira m'mizinda ya Aswahili ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere, monga Lamu, Mombasa ndi Pangani, m'zaka za m'ma 1890. Dzina loti beni lidachokera ku liwu la Chingerezi lotchulira bandi. Ranger adanenetsa kuti m'mizindamo munali kale magulu a gule opikisana, kotero kuti bandi ya Azungu idangokhala chovala chatsopano cha mpikisano wakale.

Chimene chidamwaza magule otere mpaka kwathu kuno ndi Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, imene makolo athu adaitcha nkhondo ya Chiwaya. Karonga adaiona nkhondoyi ndi maso. Pa 9 September 1914 Ajeremani, amene adaoloka mtsinje wa Songwe kuchokera m'dziko limene lero ndi Tanzania, adamenyana ndi asilikali a Angerezi pa boma la Karonga, ndipo manda a ophedwa pa tsikulo alipo mpaka lero. M'zaka zotsatira amuna zikwizikwi a m'dziko muno adatengedwa, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ambiri ngati amtengatenga osenza katundu, ndipo ochuluka adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Amene adabwerera adadza ndi perete m'miyendo mwao. Motero padabadwa banja lonse la magule: beni kwa Ayao, mganda ku chigaŵo chapakati, malipenga kwa Atonga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, ndi kalela ku migodi ya Zambia. M'magulu ambiri a malipenga gulu limatchedwa boma, ndipo lili ndi maudindo otengera kwa atsamunda, kuyambira mfumu ya gulu mpaka akapitawo ndi adokotala ake.

Akatswiri adayamba kalekale kutsutsana pa tanthauzo la zimenezi. Clyde Mitchell, amene adafufuza za kalela ku Luanshya ndi kusindikiza zopeza zake mu 1956, adaona m'zovala zaudongo za ovina chizindikiro cha ulemu umene anthu a m'tauni ankapereka ku makhalidwe a Chizungu. Mu 1971 Bernard Magubane wa ku South Africa adakalipira kafotokozedwe kotere, nati kakuiŵala kuti anthuwo anali pansi pa goli, ndipo kakuŵasandutsa ongokhumbira Uzungu. Mkangano umenewu sudathe, koma udangosintha chilankhulo pamene filosofi idaloŵererapo.

Chitsime chimene ofufuza za chikhalidwe adatungamo

Tikamanena filosofi ya kumtunda kwa Ulaya, tikutanthauza mwambo wa kaganizidwe umene udakula makamaka ku Germany ndi ku France pambuyo pa Immanuel Kant, kusiyana ndi mwambo wa ku England ndi ku America umene umasamala kwambiri za kulongosoka kwa mau ndi mfundo. Anthanthi a mwambo wa kumtundawu amasiyana pa zambiri, koma ambiri mwa iwo amagwirizana pa zinthu zitatu. Choyamba, munthu saganiza ali m'malere, koma ali m'kati mwa mbiri, chilankhulo ndi thupi. Chachiŵiri, tanthauzo la zimene anthu amachita silikhala poyera ayi, liyenera kumasuliridwa. Chachitatu, nzeru ndi ulamuliro zimayendera limodzi kaŵirikaŵiri. Maphunziro a za chikhalidwe a masiku ano, monga aja adakhazikika ku Birmingham kuyambira 1964 ndi kukula pansi pa Stuart Hall, kapena aja ofufuza za maiko amene adali pansi pa atsamunda, adamangidwa pa mfundo zitatuzi.

Kholo la zonsezi ndi Georg Hegel, amene adatisiyira choloŵa cha mitundu iŵiri. M'buku lake la 1807 adafotokoza za mbuye ndi kapolo: munthu amafika podzidziŵa kuti ndi munthu pokhapokha mnzake atamuvomereza, ndipo mbuye wokana kuvomereza kapolo amadzimana yekha chimene akufuna. Koma Hegel yemweyo, m'maphunziro ake a za mbiri amene adasindikizidwa mu 1837 iye atamwalira, adaika Africa wa kumwera kwa Sahara kunja kwa mbiri ya anthu. Alendo oona nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004, angathe kunena kuti chibwano chakalekale chimene chidapezeka ku Uraha mu 1991, cha zaka zoposa mamiliyoni aŵiri, chidamutsutsa Hegel. Kunena zoona, iye ankakamba za mbiri ya maufumu ndi malamulo, ndiye chomuyankha bwino ndi buku la Owen Kalinga la 1985 lofotokoza mbiri ya ufumu wa a Kyungu, likulu lao pa phiri la Mbande ndi malonda ao a minyanga. Chofunika kukumbukira nchakuti Hegel sadapondeko ku Africa. Adaŵeruza anthu amene sadaŵamvepo akulankhula, atangoŵerenga makalata a apaulendo. Kulakwa kumeneku tikumananso nako patsogolo, kutavala zovala zina.

Mamasulidwe atatu a kukayikira

Paul Ricoeur, mu 1965, adatcha Karl Marx, Friedrich Nietzsche ndi Sigmund Freud aphunzitsi a kukayikira. Atatuŵa adaphunzitsa kuti zimene munthu amanena za iye mwini zingathe kukhala chophimba: pansi pake pabisala chuma, kapena kufuna kulamulira, kapena zilakolako zosadziŵika ngakhale kwa mwiniwake. Tiyeni tione m'mene ophunzira a kukayikiraku angaŵerengere malipenga. Palibe mwa anthanthi amene titchule pano amene adalembapo za guleyu. Ife tikungoyesa zida zao pa bwalo lathu.

Woyamba ndi Frantz Fanon wa ku Martinique, dokotala wa matenda a maganizo, amene mu 1952 adatenga fanizo la Hegel lija ndi kuliika m'dziko la atsamunda. Iye adaona kuti mtsamunda safuna kuvomerezedwa ndi wolamulidwa, amangofuna thukuta lake. Tsono wolamulidwayo, posoŵa womuvomereza, amayamba kudziyesa ndi muyeso wa mbuye wake, m'kalankhulidwe ndi m'kavalidwe. Wotsata Fanon akaona malaya oyera ndi masokosi aatali a malipenga adzati: taonani bala, anthuŵa adaphunzitsidwa kuti ulemu uli m'chovala cha bwana.

Wachiŵiri ndi Michel Foucault, amene mu 1975 adafotokoza m'mene ulamuliro wa makono umagwirira thupi la munthu. Sufunanso chikoti nthaŵi zonse. Umagwiritsa ntchito belu, ndandanda ya nthaŵi, mzere, kuyendera ndi perete, m'misasa ya asilikali, m'sukulu, m'zipatala ndi m'ndende, mpaka thupi lizoloŵere kumvera lokha. Wotsata Foucault adzati malipenga ndi perete imene idaloŵa m'mafupa kotero kuti anthu amadzifoletsa okha kapitawo atachoka kalekale.

Wachitatu ndi Homi Bhabha, amene m'nkhani yake ya 1984, ndiponso m'buku la 1994, adabwereka maganizo a Jacques Lacan ndi Jacques Derrida pofotokoza za kutsanzira. Kwa iye wotsanzira amafanana ndi mbuye koma osafikapo kwenikweni, ndipo kampata kotsalako nkoopsa kwa mbuyeyo, pakuti kamaulula kuti ubwana ndi chinthu chovala ndi kuvula. Wotsata Bhabha adzati mlimi wa mpunga wodzitcha mfumu ya boma akuseka atsamunda mochenjera.

Mamasulidwe atatuŵa atithandiza kwambiri. Atiletsa kuona gule ngati chosangalatsa chabe chopanda mbiri, ndipo atikumbutsa kuti kumbuyo kwa ng'omayo kuli manda a amtengatenga. Komabe taonani chimene afanana. Kaya wovina ndi wovulala, kaya ndi wofoletsedwa, kaya ndi woseka, onse atatu amaika Mzungu pakati pa bwalo. Ndipo onse atatu angathe kulembedwa ndi munthu amene sadafunsepo wovina ndi mmodzi yemwe.

Pamene filosofi itembenukira ana ake

Apa ndi pamene mwambo womwewo wa kumtunda kwa Ulaya umadzudzula zimene udabala. Tiyambe ndi Maurice Merleau-Ponty, amene mu 1945 adaonetsa kuti thupi si chiŵiya chimene maganizo kapena ulamuliro umangolembapo, koma lili ndi kudziŵa kwakekwake. Woimba ng'oma amadziŵa ndi manja zimene sangathe kufotokoza ndi pakamwa. Mwana wa ku Karonga amene lero akuphunzira kuponda malipenga sakutsanzira msilikali wa 1914, amene sadamuonepo. Akutsanzira atate ake, amalume ake ndi akulu ake. Patapita zaka zoposa zana, chimene chikuyenda m'miyendo yake ndi luso la pamudzi, ndipo oonerera amadziŵa kusiyanitsa woponda bwino ndi woponda mwachisawawa potsata muyeso umene msilikali wa Chingerezi sakadauzindikira.

Hans-Georg Gadamer, m'buku lake lalikulu la 1960, adaonjezapo mfundo ziŵiri. Yoyamba ndi ya maseŵera: amene akuseŵera moona amatengeka ndi maseŵerawo, ndipo tanthauzo lake lili m'kuchitika kwake, pakati pa oseŵera ndi oonerera. Tikayang'ana malipenga motere, tiona zimene kukayikira kudadumpha: gulu la mudzi wina limaitana la mudzi wina, eni mudzi amalandira ndi kudyetsa alendo, magulu amapikisana pa udongo, pa nyimbo ndi pa kaponderedwe, ndipo oitanidwa adzabwezera tsiku lina. Maso a ovina ali pa mudzi woyandikana nao. Izi zikugwirizana ndi zimene Ranger adapeza, kuti mtima wa magule otere ndi mpikisano wa eni dziko okhaokha. Mfundo yachiŵiri ndi yakuti kumvetsa kuli ngati kukambirana. Womasulira aliyense amadza ndi maganizo amene adakula nao, ndipo sangaŵataye; chimene angathe nkuŵaika poyera ndi kulola kuti mnzakeyo aŵagwedeze. Amene wayamba kale kudziŵa kuti zonena za mnzake ndi chophimba chabe waleka kukambirana, wayamba kupima wodwala.

Anthanthi a ku Africa ndi ku India ophunzitsidwa m'mwambo womwewu adafika pa chenjezo lofanana. Valentin Mudimbe wa ku Congo, pogwiritsa ntchito njira ya Foucault m'buku la 1988, adaonetsa kuti zambiri zimene timadziŵa za Africa zidasanjidwa ndi apaulendo, amishoni ndi akatswiri achilendo, kotero kuti ngakhale wotsutsa atsamunda amalankhula ndi mau a m'nkhokwe yao. Nkhokwe imeneyi Karonga ali m'kati mwake: Godfrey Wilson, amene mu 1939 adalemba za kayendetsedwe ka ufumu wa Ankhonde, ndiye adali mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, bungwe lomwe pambuyo pake lidasindikiza kafukufuku wa Mitchell uja. M'chaka chomwecho cha 1988 Gayatri Spivak, womasulira buku la Derrida, adadzudzula Foucault ndi Gilles Deleuze chifukwa cholankhula ngati kuti mau a oponderezedwa amamveka okha popanda vuto, kuiŵala kuti wophunzira woŵafotokozayo ndiye waima pakhomo, ndipo ndiye amasankha zoti zimveke. Chenjezo lake likhudzanso ife: kumvetsera si kungolemba zimene munthu wanena, koma kuzindikiranso malo athu amene timvera tili. Wophunzira amene amauza wovina tanthauzo lobisika la gule wake, osamulola kuyankha, wabwereza kulakwa kwa Hegel, ngakhale atachita zimenezi m'dzina la ufulu.

Pali dzenje linanso kutsidya kwa njira. Ena, poipidwa ndi zonse zonunkha Chizungu, amafuna kupeta chikhalidwe kuti patsale za makolo zokhazokha, ndipo kwa iwo malipenga ndi mankhusu. Paulin Hountondji wa ku Benin, amene adaphunzira za Edmund Husserl ku Paris, adatsutsa maganizo otere pamene ankadzudzula buku la Bambo Placide Tempels la 1945 lonena za filosofi ya anthu a Bantu. Iye adakana zoti mtundu wonse uli ndi ganizo limodzi losasintha, logona pansi kudikira katswiri woti alifukule. Chikhalidwe chamoyo chili ndi mikangano, kubwereka ndi kusintha. Karonga yemwe ndi umboni. Mbiri ya Ankhonde imati a Kyungu oyamba adachokera kumpoto kwa nyanja. Pamsika pamamveka Chinkhonde, Chitumbuka, Chinyakyusa ndi Chiswahili. Ndipo dzikoli lidaona amalonda a African Lakes Company ndi nkhondo za Mlozi kuyambira 1887 mpaka 1895. Wofuna kupeta zonse zobwera adzatsala ndi lichero lopanda kanthu.

Kukayikira sikutayidwa

Tisafulumire kunena kuti tsono kumvetsera kwapambana ndipo kukayikira kutayidwe. Jürgen Habermas, poyankha Gadamer mu 1967, adakumbutsa kuti mwambo ungathe kunyamula chinyengo ndi nkhanza, ndiponso kuti kukambirana kumene mmodzi ali ndi chibonga m'manja si kukambirana. Ife a ku Malaŵi sitisoŵa chitsanzo. M'zaka za ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, kuyambira 1964 mpaka 1994, magule a m'maboma onse adasonkhanitsidwa pa misonkhano ya chipani m'dzina la chikhalidwe, ndipo ambiri, makamaka amai, adavina mosafuna poopa zimene zikadaŵagwera. Lisa Gilman, m'buku lake la 2009, adaonetsa kuti kuvinira andale kudapitirira m'nyengo ya zipani zambiri, ndalama ndi nsalu zitaloŵa m'malo mwa mantha. Munthu amene akadangomvera mau a nyimbo za nthaŵi imeneyo akadabwerera kwao akukhulupirira kuti dziko lonse lidali pa chikondwerero. Ngakhale pa bwalo la malipenga mafunso okayikira ali ndi malo: ndani amatunga madzi ndi kuphikira alendo pamene amuna akuvina? Ndani amalephera kuloŵa m'gulu chifukwa chosoŵa ndalama za zovala? Ndani amapindula gule akatengedwa kukavinira wofuna mavoti?

Ricoeur, poloŵerera mkangano wa aŵiriŵa mu 1973, adaonetsa kuti mbali iliyonse imafuna inzake. Wodzudzula mwambo amatenga muyeso wake wa chilungamo m'mwambo wina umene adaulandira, ndipo wolandira mwambo sangaumvetse mozama ngati saima patali pang'ono ndi kuufunsa mafunso. Chitsanzo cha kuyenda ndi miyendo yonse iŵiri tichipeza kwa James Ferguson, amene mu 2002 adabwereranso ku mkangano wakale wa zovala uja. Iye adati munthu wa ku Africa wovala suti mwina sakupembedza Mzungu, mwinanso sakumuseka. Akunena kuti nayenso ndi mwini wa dziko lamakonoli ndipo ayenera kulandira gawo lake. Kamasulidwe aka sikabisa nkhanza za utsamunda, komanso kamasiyira wovala uja ulemu wokhala ndi cholinga chake. Tikakumbukira amtengatenga amene adayenda opanda nsapato kumbuyo kwa bandi, tingamvetse chifukwa chake zidzukulu zao zimapukuta nsapato mpaka kuŵala.

Pomaliza

Tibwerere ku funso lathu loyamba. Malipenga adabadwira m'nkhondo ya eni ake ena, ndipo zimenezi sitiyenera kubisa. Koma mibadwo inai kapena isanu idaŵalera, kuŵapekera nyimbo m'zilankhulo zao ndi kumangirapo ubale wa midzi, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyi guleyu ndi wao. Filosofi ya kumtunda kwa Ulaya idapatsa ofufuza za chikhalidwe maso oona ulamuliro pamene wabisala. Filosofi yomweyo ikuŵakumbutsa kuti munthu amene akumufufuzayo ali ndi pakamwa.

Kwa ife amene tidaphunzira mabuku ameneŵa ndipo tidzatumidwa kumidzi, dongosolo lake nlofunika: kumvetsera kuyambe, kufunsa kutsatire, ndipo mafunso athu tikaŵafunse pamaso pa eni gule, kuti athe kutiyankha ndi kutikonza. Zimene tanena za malipenga zikhudzanso maliro, malowolo, chinamwali ndi miyambo ina yonse imene anthu adzafuna kumva maganizo athu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tikadzaitanidwa ku bwalo chilimwe chikubwerachi, tikakhale pansi mpaka gule atatha, tikadye chimene eni mudzi atikonzera, ndipo pambuyo pake tikafunse mkulu wa gulu kuti atiuze chimene chidapambanitsa gulu lina pa linzake.